Amisiri Osema a ku Mua

Akristu anzathu a m'mbali mwa nyanja, imvani za ku Mua, kufupi ndi Mtakataka. Ansembe a White Fathers anayamba afika kwa Mponda, ku Mangochi, m'caka ca 1889, koma sanakhalitse. Mu 1902 anakamanga misoni ku Mua. Kumeneko Bambo Claude Boucher, wocokera ku Canada, anatsegula nyumba ya luso ya KuNgoni mu 1976.

Iwo anasonkhanitsa anthu a m'midzi okonda kusema, kuti azigwira nchito pamodzi. Wamkuru agwira kasemasema, mnyamata napenyerera. M'mawa mwace mnyamata ayesa, wamkuru namuongolera dzanja. Motero mitanda ndi zifanizo zoturuka m'manja mwao zalowa m'nyumba za Mulungu zambiri, kufikira ku Munich, m'dziko la Germany. Pafupi pomwepo pali nyumba ya Chamare, yosungira miyambo ya Acewa, Angoni ndi Ayao.

Tsono inu makolo, mukaona mwana wanu alikusema kamtengo, kapena kuumba ng'ombe zadothi, musamkalipire kuti ngwaulesi. Luso ndi mphatso ya Mulungu, koma la mwana wokhala yekha silikhwima. Mperekeni kwa mmisiri, akaphunzire pakati pa anzace.