Kodi dothi ndi pulasitiki zingapsere limodzi?

Ana inu, mbiya imene yangoumbidwa kumene siingasunge madzi. Mvula ikaigwera imasungunuka n'kubwerera ku matope. Moto ndi umene umachititsa kuti timibulu ta dothi tigwirane mpaka kulimba gwa. Makapu ndi mbale zadothi za m'sitolo zimapsera m'ng'anjo yotentha kuposa madigiri 1,000.

Akatswiri opanga tizipangizo ta m'mafoni ndi mabatire amagwiritsanso ntchito ufa wa miyala ndi mankhwala umene amauwotcha chimodzimodzi. Zimene zimatuluka zimakhala zolimba, koma sizichedwa kusweka zikagwa. Pulasitiki ndiye wofewa, amapindika osathyoka. Bwanji osangozisakaniza? Vuto ndi ng'anjo ija. Ngakhale Teflon, pulasitiki wamakani amene amamatidwa m'mapoto kuti chakudya chisakakamire, amasungunuka pa madigiri 327 okha.

M'chaka cha 2016, gulu la pulofesa Clive Randall la ku yunivesite ya Penn State ku America linalengeza njira imene linaitcha cold sintering. Amatenga ufa uja, n'kuusakaniza ndi pulasitiki, n'kudonthezamo timadzi pang'ono chabe, kuti ungonyowa. Akatero amauthira m'chikombole chachitsulo, n'kuupanikiza mwamphamvu kwambiri ndi makina kwinaku akuutenthetsa. Ufa wotchedwa lithium molybdate unagwirana ndi Teflon pa madigiri 120, kutentha kongopitirira pang'ono madzi owira, ola lisanathe n'komwe.

Chinsinsi chili m'timadzi tija. Timasungunula m'mphepete mwa kambulu kalikonse, ndipo zosungunukazo zimayenderera kukadzaza timipata ta pakati pa timibulu. Madzi akauma ndi kutentha, zija zinasungunuka zimaumanso pomwepo, n'kumata kambulu ndi kanzake. Munaonapo mchere wa m'botolo utaundana m'dzinja, mpaka amayi kuugogoda ndi sipuni? Ndi zomwezo: chinyezi chimasungunula mcherewo pang'ono, ukauma umasanduka chibuma. Kungoti akatswiriwo amawonjezera kupanikiza kuti pasatsale mphako.

Ine chimandisangalatsa n'chakuti njirayi siidya magetsi ambiri ngati ng'anjo. Komatu si ufa uliwonse umene umalola madzi wamba. Wina, monga zinc oxide, umafuna timadzi tosakaniza ndi asidi wa mu viniga.

Inu kunyumba musayerekeze kuponya pulasitiki pamoto kuti muone chimene chichitike. Utsi wake ndi woipa, umawononga mapapo.