Kutsitsa, kubweza kapena kufufuta? Mneni woyenera pochoka pa Windows 11

Mawu akuti downgrade analowa kale m'Chichewa cha ophunzira a m'makoleji ndi cha anyamata okonza makompyuta. Sanalowe ngati mneni ayi, analowa ngati dzina lotsamira pa mneni wathu wakuti kupanga. Mumva munthu akuti, "Laputopu yanga ikuchedwa hevi, ndikufuna ndikapangitse downgrade." Kalankhulidwe aka si kachilendo, ndi komwe timagwiritsa ntchito tikamati kupanga save kapena kupanga dawunilodi: mneni wa Chichewa amanyamula nthawi ndi mwininkhani, mawu obwerekawo n'kunyamula tanthauzo. Ine ndilibe nako vuto. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti m'mawu amodziwa mwabisala ntchito ziwiri zosiyana, ndipo imodzi mwa izo imatha kufafaniza chilichonse chimene munthu anasunga m'kompyuta.

Tiyambe ndi ntchitozo. Windows 10 inatuluka mu 2015, Windows 11 n'kutsatira mu Okutobala 2021. Yatsopanoyi imafuna makina amphamvuko: RAM yosachepera 4 GB, malo osungira osachepera 64 GB, komanso kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Ena amaikakamiza pa laputopu yakale, kenako makina aja n'kuyamba kutsimphina. Ena sagwirizana nawo maonekedwe ake basi. Onsewa amafuna Windows 10 yawo ija.

Njira yoyamba imatheka ngati munachoka pa Windows 10 posachedwa. Pokweza, kompyuta imasunga Windows yakale m'foda yotchedwa Windows.old, ndipo kwa masiku 10 mukhoza kulowa pa Settings, System, Recovery, n'kudina pamene palembedwa Go back. Mafayilo anu amatsala, chimachoka ndi mapulogalamu amene munaika mutakweza kale. Masiku 10 akatha foda ija imafufutidwa, ndipo njirayi imatsekeka. Ngati kompyuta munaigula ili kale ndi Windows 11, ndiye kuti njirayi kulibe n'komwe.

Njira yachiwiri ndi imene okonza amati kufomata. Amatenga flashi yokhala ndi Windows 10, kufufuta gawo la disiki pamene panali Windows 11, n'kuika ina. Zonse zimene zinali pagawolo, kaya ndi zithunzi za ukwati kaya ndi machaputala a kafukufuku wa chaka chomaliza, zimapita limodzi.

Tsono pa Chichewa tinganene chiyani? Mneni amene amabwera msanga pakamwa ndi kutsitsa. Zikumveka, chifukwa aneni athu amayenda awiriawiri: kukwera ndi kutsika, ndipo pa msintho wochititsa timapeza kukweza ndi kutsitsa. Ngati kuchoka pa 10 kupita pa 11 ndi kukweza, kuchoka pa 11 kupita pa 10 kukhale kutsitsa. Koma mneni ameneyu ali kale ndi katundu wambiri. Timatsitsa matumba m'galimoto, timatsitsa mtengo wa chimanga, timatsitsa munthu paudindo, ndipo ena masiku ano amati akutsitsa nyimbo pa intaneti. Mukati "Munditsitsire Windows 10", wokonza akhoza kumva kuti mukufuna akutengereni fayilo yake pa intaneti. Chinanso, kutsitsa kumangonena za mulingo, kuti chinali pamwamba chafika pansi. Sikunena kanthu za chimene chichitikire zinthu zanu panjira.

Banja la mneni wakuti kubwera limatithandiza kwambiri kuposa apa. Kubwerera ndi mneni wosayambukira: "Kompyuta yabwerera pa Windows 10." Kubweza ndi woyambukira, amafuna pamtherankhani: "Ndaibweza kompyuta." Kubwezera kumawonjezera malo kapena munthu wochitiridwa: "Ndaibwezera pomwe inali." Aneni atatuwa ali ndi ganizo limodzi mkati mwawo, lakuti kumene mukupitako munaliko kale ndipo kukadalipo. Simungabwerere kumudzi kumene simunakhaleko. Izi zikufanana ndendende ndi njira yoyamba ija: kubwerera kumatheka pokhapokha ngati Windows.old ikadalipo. Munthu amene anagula kompyuta ili kale ndi Windows 11 akati "Mundibwezere pa Windows 10", chiganizocho chimadzitsutsa chokha, ndipo khutu la wolankhula Chichewa limamva kuti penapake sipali bwino.

Nanga kubwezeretsa? Ameneyu timanena pamene chinthu chinawonongeka kapena kutayika ndipo tikuchiikanso m'malo mwake, monga timati kubwezeretsa nkhalango podzala mitengo ina. Mitengo yodzalidwayo si yomwe inadulidwa ija. N'chifukwa chake ndikuona kuti mneniyu akuyandikira njira yachiwiri, komabe amabisa kudulako. Pa njira imeneyi mneni mmodzi sakwana. Pafunika awiri otsatizana, kufufuta ndi kuika, ndipo woyambayo azimveka bwinobwino: "Tifufuta zonse, kenako tiika Windows 10." Munthu akamva mawu akuti kufufuta amadzidzimuka n'kufunsa za mafayilo ake, chimene sachita akamva downgrade.

Kutsitsa tisakutayiretu, pali pamene kumanena zoona. Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inasiya kupereka mwa nthawi zonse zokonza zachitetezo za Windows 10. Wobwerera kumeneko amapeza makina oyenda mopepuka, koma chitetezo chake chimakhala chatsikadi. Choncho aneni athu akugawana ntchito motere: kubwerera kukunena za njira, kufufuta kukunena za chimene chitayike, kutsika kukunena za chimene mwavomera kuti chichepe.

Ena anganene kuti, "Aaa, bola timamvana, eti?" Nthawi zambiri timamvanadi. Koma kumvana kwa patebulo la wokonza kumachitika mwachangu, pali anthu ena pamzere, ndipo onse awiri amaganiza kuti mawu a Chingerezi aja akutanthauza zimene zili m'mutu mwawo. Mwini laputopu akuganiza za kubwerera, wokonza watulutsa kale flashi. Apa Chichewa sichikusowa mawu, chili nawo olongosola bwino kuposa obwerekawo.

Mukapita kokonzetsa, yambani mwakopera mafayilo anu pa flashi kapena pa disiki ina, ngakhale mutakhala kuti masiku 10 aja sanathe. Kenako funsani funso limodzi, m'Chichewa chomveka: "Achimwene, kodi muibweza pomwe inali, kapena mufufuta n'kuika ina?" Akayankha kuti afufuta, musawapatse laputopuyo musanatsegule flashi yanu n'kuona ndi maso kuti zonse zilimo.