Tsekani zotsatsa malonda pafoni kuti bandulo ikhalitse

Wageni masiku ano sayenda opanda foni. Ndi pomwe amafunsira mitengo kwa opikulitsa, kutumizira makasitomala zithunzi za katundu pa WhatsApp komanso kulandirira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma dandaulo la ambiri ndi limodzi: bandulo ya sabata yonse ikutha Lachinayi lisanakwane.

Chimodzi mwa zomwe zimadya bandulo ndi zotsatsa malonda zomwe zimangotulukira mukamawerenga nkhani kapena ana akamasewera magemu aulere. Foni imayamba yakoka kaye chithunzi kapena kanemayo pa intaneti isanakuonetseni, ndiye kuti olipira ndinu. Zina mwa izo n'zaakathyali, monga zonena kuti mwawina mphoto kapena kuti foni yanu yagwidwa ndi vairasi. Mukadina, amakufunsani nambala yachinsinsi, ndipo mpamba ukhoza kupita tsiku limodzi.

Njira yosavuta yotsekera zimenezi ndi kusintha DNS. Imeneyi ili ngati munthu wolozera njira: foni ikafuna tsamba lililonse, imafunsa kaye DNS komwe tsambalo lili. DNS ya AdGuard, yomwe ndi yaulere, imakana kulozera foni kumakompyuta odziwika kuti amatumiza zotsatsa, choncho sizifika n'komwe.

Ngati foni yanu ndi ya Android 9 kapena yatsopano kuposa pamenepo, lowani mu Settings, pitani pagawo la netiweki ndipo fufuzani mawu akuti Private DNS. Sankhani polemba dzina n'kulemba dns.adguard-dns.com, kenako sungani. Basi. Izi zimagwira pa bandulo komanso pa Wi-Fi.

Amene muli ndi rauta kunyumba kapena kushopu mungathe kutchinjiriza mafoni onse pakamodzi. Lowani muzosintha za rautayo, ndipo pomwe palembedwa DNS ikani 94.140.14.14 ndi 94.140.15.15. Ma MiFi ena salola kusintha zimenezi, ndiye zikatero konzani foni iliyonse payokha. Posakatula intaneti, mutha kugwiritsanso ntchito Brave, yomwe imatseka yokha zotsatsa, kapena Firefox mutaikamo uBlock Origin.

Komatu musayembekezere zozizwitsa. Zotsatsa za pa YouTube ndi Facebook zimadutsabe pa DNS, chifukwa zimachokera komwe kumachokeranso makanema ndi zithunzi zomwe mukufuna kuona. Uthenga wabodza wa SMS kapena foni ya munthu wonamizira kuti watumiza ndalama molakwitsa, izi sizitsekedwanso. Pamenepo chokutetezani ndi kuyang'ana kaye ndalama zomwe zili mufoni musanabwezere munthu kalikonse.

Nanga malonda anu? Musade nkhawa. Zithunzi za tomato, usipa kapena kaunjika zomwe mumaika pa status ya WhatsApp ndi m'magulu a Facebook zidzaonekabe kwa makasitomala, ngakhale iwonso atatseka zotsatsa.

Nthawi zina tsamba kapena pulogalamu yomwe mumaidalira ikhoza kukana kutseguka. Zikatero, bwererani pa Private DNS, zimitsani, malizani ntchito yanu, kenako muyatsenso.

Kuti mudziwe ngati zakuthandizani, lembani m'kope lanu la malonda tsiku lomwe mwagula bandulo ndi tsiku lomwe yatha. Chitani chimodzimodzi mutasintha DNS, kenako yerekezani. Bandulo ndi ndalama yolowa pageni ngati ya thiransipoti kapena chiphaso chamsika, ndiye iyeneranso kuwerengedwa musanati mwapeza phindu.