Mthiko kapena mpira: nkhani ya Jess Bhamra ilinso ku Area 23

Dzuwa likapendeka ku Area 23, pakabwalo kalikonse pamabuka fumbi la mpira wachikulunga. Anyamata amasewera mpaka mdima. Mtsikana akalowererapo, sipapita nthawi mawu amveka kuseri kwa mpanda: “Iwe, mbaula ija wakoleza?”

Amene adakulira m'mawu amenewa sangaione yachilendo filimu ya Bend It Like Beckham, yomwe idatuluka mu 2002. Adaikonza ndi Gurinder Chadha, mayi wa m'banja la Asikhi, wobadwira ku Nairobi koma wokulira ku Southall mu London. Asikhi si alendo kuno: mu 1891 Harry Johnston adabweretsa asilikali achisikhi kuchokera ku India, ndipo ku Blantyre kuli kachisi wawo.

M'filimuyi Parminder Nagra ndi Jess Bhamra, mtsikana wa zaka 18 wa ku Hounslow yemwe mtima wake uli pa mpira. Mayi ake akufuna aphunzire kuphika chapati ndi ndiwo za kwawo kuti asakachititse manyazi kwa apongozi. Jess akunama kuti wapeza ganyu, chonsecho akukasewerera timu ya atsikana. Mphekesera za khalidwe lake zitafika kuchimuna, ukwati wa mkulu wake Pinky ukuyamba waima. Apa ndi pamene filimuyi ikutigunda pamtima, chifukwa nafenso mwana mmodzi akalakwa, mbiri imaipira banja lonse, ndipo amayi ndiwo amalozedwa chala kumpopi ndi kutchalitchi.

Chimene ndimaikondera filimuyi n'chakuti sidasandutse makolo kukhala afiti. Bambo ake a Jess, omwe ndi Anupam Kher, anali katswiri wa kiriketi ku Nairobi, koma atafika ku England azungu adawakana m'matimu awo, nkumaseka nduwira yawo. Akamaletsa mwana, akumutchinjiriza ku chilonda chomwe iwo adakali nacho. Mayi wa ku Area 23 woopa kuti mwana wake akakumana ndi zoipa pobwera kubwalo usiku, nayenso si wankhanza. Ndi mantha, ndipo ali ndi chifukwa. Chodabwitsa n'chakuti ntchemberembaye makolo ambiri adaivomera kalekale; chimavuta ndi mpira wamiyendo, ati ngwachimuna.

Jess wathu tili naye. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi wakhala akufotokoza kuti makolo ake sankafuna kuti azisewera mpira. Adabwera ku Lilongwe kudzasewerera DD Sunshine, mu 2014 nkupita ku Sweden, kenako China. Ali ku Inter Milan adamwetsa zigoli 23, kuposa wina aliyense mu ligi ya ku Italy ya 2022/23. Mng'ono wake Temwa adathandiza ma Scorchers kutenga chikho cha COSAFA mu 2023, ndipo mu 2024 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current.

Pomwe filimu ikusiyana ndi zathu mpamapeto. Bambo akulola Jess kuchoka paukwati wa Pinky kukasewera ndime yomaliza, ndipo pabwalo pali kale munthu wodzamupatsa mwayi wa sukulu ku California. Mtsikana wa ku Area 23, ngakhale bambo atagwedeza mutu kuvomera, amayamba wafunsa za nsapato zosewerera ndi ya minibasi yokafikira kubwalo.