Nyesi ya pa chitseko cha galimoto nyengo ya mwera

Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, mpweya umauma. Tikatsika galimoto n'kukhudza chitseko, timamva ngati tabayidwa ndi munga pachala. Batire silinavute ayi. Zovala zathu, makamaka majuzi a nayiloni, zikamakhulana ndi mpando, thupi limasunga timagetsi, ndipo timathawira m'chitsulo tikangochikhudza.

Kupewa kwake n'kosavuta: tigwire chitsulo cha chitseko tisanadzuke pampando, osachisiya mpaka phazi litaponda pansi.

Koma abale, ife ogula petulo wa injini za maboti tisamale kwambiri. Kamoto kothetheka kameneka kakhoza kuyatsa mpweya wa petulo. Chigubu chisathiridwe mafuta chili m'galimoto. Tichitsitse kaye, tichikhazike pansi. Tiwauzenso anyamata amene timawatuma kukagula mafuta.