Dzala la ku Mankhamba linabisa minyanga

Kwathu ku Champhira, khasu likagunda phale, agogo ankangolitola n'kuliponya kumalire a munda. Likakhala lalikulupo, linkapita kuseri kwa nyumba kukakhala chomwera nkhuku. Ulemu wa phale unkathera pomwepo.

Nakonso ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kale zinali chimodzimodzi. Tangoganizani: mizere ya chimanga, ziputu, fumbi la m'chilimwe, kenako kamtunda ka phulusa kosakanikirana ndi mafupa ndi mapale. Dzala lenileni! Wodutsa m'njira sakanacheuka kawiri. Akuluakulu ankanenadi kuti pamenepa mpomwe pankakhala Kalonga, mfumu ya Amaravi, koma poyang'ana maso ankangoona bwinja, bwinjanso lolimidwa kale.

Ndiye kunafika Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale, ndi anthu ake. Anamanga zingwe, n'kuyamba kupala dothi pang'onopang'ono, kulisefa ngati ufa wa phala la mwana. Ntchito yotopetsa msana, yoti mlimi akanaiseka.

Koma taonani zomwe zinatsalira m'sefamo! Mikanda yagalasi mbwee, yofiira, yobiriwira, yachikasu, ina yochokera kutsidya kwa nyanja ya mchere ya Indian Ocean. Tizidutswa ta mbale zonyezimira za ku China. Mphete ndi makoza amkuwa, mikondo ndi makasu achitsulo. Ndipo minyanga ya njovu, yodulidwa, yosemedwa, zotsalira za amisiri a zibangiri. Pomwe pankaoneka ngati pathengo panali msika wolumikizana ndi dziko lakutali, ndipo makala a m'nthakamo anasonyeza kuti anthu anali atakhazikikapo kale m'zaka za m'ma 1400. Ngakhale mapale onyozeka aja ali ndi mtundu wawo, akatswiri amawatcha a Mawudzu.

Lero Mankhamba ali m'buku lomwe Juwayeyi anatulutsa mu 2020, lofotokoza chiyambi cha Achewa, ndipo akuwerengedwa m'mayunivesite a kunja. Dzala lomwe mbuzi zinkapondaponda lasanduka nkhokwe.

Dzinja lathali, ndikupalira m'munda wa agogo uja, khasu linati ngwee. Phale lokhala ndi timizere tolembalemba pakamwa pake. Ndinalipukuta ndi malaya, n'kulikulunga m'chitenje, n'kuikapo chikhomo pamalopo. Nkhuku tazidulira chigubu.