Kugula pa Intaneti: Kodi Wotumiza Katundu Ndani?

Masiku ano anthu ena a ku Dowa ndi ku Ntchisi agula zinthu pa foni, monga nsapato, nyale za sola ndi mabuku. Ena aguliridwa ndi abale ao okhala ku Johannesburg. Onsewa ayenera kudziwa kuti ogulitsa a pa intaneti ali a mitundu iwiri.

Oyamba ndiwo amene apereka katundu wao kwa mwini msika kuti awasungire. Kampani ya Amazon inayamba ntchito yotere m'chaka cha 2006, ndipo mu 2024 inatsegula msika wake ku South Africa. Kampaniyo ndiyo imanga katundu, nimtumiza, nimlandiranso akafika wowonongeka. Wogula akakhala ndi dandaulo, alankhula ndi kampani.

Achiwiri asunga katundu kwao natumiza okha. Msika ungowapatsa malo, monga khonsolo ipatsa malo anthu a malonda pa msika wa Mponela. Wokhometsa msonkho wa pamsika sadziwa ngati nyemba za m'thumba zafumbwa. Ogulitsa a pa Facebook ndi WhatsApp m'dziko muno ali a mtundu umenewu, pakuti makampaniwo sasunga katundu wa munthu iai.

Nanga wogula awasiyanitsa bwanji? Pa Amazon, pafupi ndi mtengo wa chinthu, pali mau awiri a Chingerezi. "Sold by" atchula wogulitsa, ndipo "Ships from" atchula wotumiza. Pa mau achiwiriwa pakalembedwa dzina la Amazon, katundu ali m'manja mwa kampani. Pakalembedwa dzina lina, wogulitsa atumiza yekha.

Wotumiza yekha sali wakuba nthawi zonse, koma wogula achenjere. Ndalama zopita pa Airtel Money kapena pa Mpamba zifika kwa munthuyo nthawi yomweyo, ndipo akazitapa zivuta kubweza. Chifukwa chake wogula afunse kumene kuli sitolo, ndi basi imene idzanyamula katundu. Ngati ali ndi mbale ku Lilongwe, amtume akaone chinthucho ndi maso. Kukatheka, alipire katundu atafika, ndipo asafute uthenga wa malipiro, pakuti ndiwo umboni wake kupolisi.

Aphunzitsi afotokozere makolo zimenezi, makamaka nyengo yogulitsa fodya ndi soya, pamene ndalama zili m'midzi. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo.